Mliri Ukalowa M'mudzi, Mlandu Ngwa Yani?

Pali funso limene limamveka pa maliro m'midzi yathu yonse, kuyambira kwa Luembe m'mbali mwa Luangwa, kukwera ku mtunda kwa Ndake, kufikira kwa Kalindawalo ndi kwa Nyanje. Akazi akatonthola, amuna nabwerako ku manda, wina amafunsa ndi mau apansi kuti, "Kodi camudya mnzathuyu nciani?" Kawiri kawiri wofunsayo safuna kumva dzina la nthenda, afuna dzina la munthu. Funsoli ndi lakale, ndipo sitiyenera kuliseka, pakuti licokera mu mtima wosweka. Koma yankho lace likhoza kumanga mudzi kapena kuupasula. Cifukwa cace tifuna kulilingalira pamodzi ndi inu owerenga, modekha, poyang'ana nthenda imodzi imene inafika ndithu kwathu kuno.

Zimene zinaoneka m'boma la Nyimba

M'mwezi wa March caka ca 2015, mvula iri pafupi kutha, anthu a m'mudzi wina wa m'boma la Nyimba anayamba kudwala. Thupi linali kutentha, ndipo m'khosi munali kuturuka mwanabere. Woyamba anadwala pa 26 March. Pofika pa 9 April odwala 11 anali ataonedwa pa zipatala ziwiri zazing'ono za kumidzi, ndipo atatu mwa iwo anali atamwalira. Pa 10 April mau anafika ku Unduna wa za Umoyo kuti kapena umenewu ndi mliri wa makoswe. Pamenepo anadza akatswiri a boma pamodzi ndi a ku University of Zambia, ena odziwa matenda a anthu, ena odziwa matenda a nyama, nafufuza. Anawerenga odwala 21, onse a mudzi umodzi, wotsiriza anadwala pa 5 May. Ndipo theka la iwo anali ana a zaka 8 kapena zocepera apo. Popima mwazi ndi madzi a m'mwanabere, anapeza cizindikiro ca kacirombo ka mliriwo mwa anthu 6.

Kumeneku sikunali kuyamba. Mliri wa makoswe unalembedwa koyamba m'dziko lino m'caka ca 1917, m'cigwa ca Luangwa. Unaonekanso ku Namwala mu 1997, ndi kwa Nyanje mu 2001. Ndi mlendo wodziwa njira, amene amakhala zaka zambiri osaoneka, nabweranso.

Taganizani tsono za mudzi umenewo. Ana adwala mmodzi mmodzi kwa masabata asanu ndi limodzi, maliro aturuka katatu, ndipo odwala onse ndi a mudzi womwewo. Munthu amene sanaonepo kacirombo ndi maso ace angaganize ciani? Mtima wace udzamuuza kuti, "Pano pali munthu." Tisanaweruze ganizo limenelo, tiyambe taona njira imene nthendayi imayendamo.

Njira ya kacirombo

M'madzi, m'nthaka, pa khungu lathu ndi m'matumbo mwathu muli tamoyo tating'ono kwambiri tochedwa mabakiteriya. Sitioneka popanda galasi lokuza zinthu. Ta mliri wa makoswe titafola 500 pa mzere umodzi, utali wa mzerewo ungalingane ndi kambeu kamodzi ka mawere. Timaswana pogawikana: kamodzi kasanduka tiwiri, tiwiri tisanduka tinai, ndipo m'masiku owerengeka tacuruka kosawerengeka. Tambiri ta ito sitipweteka munthu. Tina timathandiza m'mimba, tina ndi timene timasasitsa thobwa ndi mkaka. Koma tina ndi timene timabweretsa cifuwa cacikuru, khate, kolera, kafumbata, cindoko ndi cinzonono. Malungo ali ndi kacirombo kace ka mtundu wina, cifukwa cace mankhwala a malungo saciza matenda a mabakiteriya.

Kacirombo ka mliri wa makoswe kanapezedwa mu 1894 ku Hong Kong ndi dotolo dzina lace Alexandre Yersin, ndipo kamachedwa Yersinia pestis pokumbukira iye. Mu 1898, ku Karachi, Paul-Louis Simond anaonetsa kuti cimene cimakanyamula ndi nthata, zimene ena amati utitiri. Kwao kweni kweni kwa kacirombo aka ndi mwa mbewa za m'thengo. Kapuku, amene amayenda pakati pa munda ndi nkhokwe, akhoza kukafikitsa kwa makoswe a m'nyumba. Nthata ikayamwa mwazi wa khoswe wodwala, tizirombo timaswana m'kati mwace kufikira titseka njira ya cakudya. Pamenepo nthatayo imamva njala yosatha, niluma kawiri kawiri, nilavulira tizirombo m'bala. Khoswe akafa, thupi lace nkuzizira, nthata zimamcokera kukafuna mwazi wofunda, ndipo zimaupeza mwa mwana wogona pa mphasa pansi.

Pakapita tsiku limodzi kufikira masiku 7 munthu wolumidwayo amayamba kutentha thupi, mutu kuwawa, ndi mwanabere wowawa kwambiri m'mphecepece, m'khwapa kapena m'khosi. Popanda mankhwala, mwa odwala khumi amafa atatu kufikira asanu ndi mmodzi. Tizirombo tikafika m'mapapo nthendayo imayamba kuyenda ndi cifuwa kucokera kwa munthu kunka kwa mnzace, ndipo mtundu umenewo ukhoza kupha m'tsiku limodzi kapena awiri. Wosalandira mankhwala sapulumuka kawiri kawiri. Cotero zinacitika ku Madagascar mu 2017, kumene anadwala anthu oposa 2,000, namwalira oposa 200. Koma mankhwala alipo. Streptomycin anapezedwa mu 1943, ndipo pambuyo pace panadza gentamicin, doxycycline ndi ciprofloxacin. Wodwala akawalandira msanga, nthawi zambiri amacira.

Yankho loyamba: "Pali munthu"

Makolo athu sanali opusa. Anadziwa kuti njoka iri ndi ululu, ndi kuti ng'ona imagwira wotunga madzi. Cimene anali kufunsa ndi cina: cifukwa ninji njokayo inaluma uyu, osati uyo amene anali patsogolo pace? Mtima wa munthu sufuna kubvomereza kuti cinthu cacikuru ngati imfa ya mwana cingacitike popanda wocifuna. Ndipo pali cabwino cimodzi m'ganizo limeneli: likana kuti moyo wa munthu ndi cinthu cacabe cimene cingotha osafunsidwa.

Komatu tiliyese ganizoli ndi zimene taona. Mliri usanagwire anthu, kawiri kawiri amayamba kufa ndi makoswe. Kodi makoswewo anakangana ndi yani za munda kapena za cuma ca masiye? Kacirombo komweko kanapha anthu ku Hong Kong, ku India ndi ku Madagascar, kumene kulibe mmodzi wodziwa maina athu kapena ndeu zathu. Mankhwala omwewo aciza mwana wa wonenezayo ndi mwana wa wonenezedwayo, osasankha. Ngakhale funso lija lakuti "cifukwa ninji uyu" liri ndi yankho lace pang'ono: uyu ndiye anagona pafupi ndi matumba a cimanga, uyu ndiye anatola khoswe wakufa, uyu ndiye anakumba mbewa zodwala. Ndipo kuti odwala onse ndi a mudzi umodzi, ncifukwa cakuti nthata ilibe mapiko. Imagwira amene ali pafupi ndi pamene khoswe wafera.

Tionenso zipatso za kuloza munthu cala. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a cigawo cino ca kum'mawa m'zaka za pakati pa 1946 ndi 1953, anasonkhanitsa mbiri za milandu yambiri ya ufiti, napeza kuti onenezana ambiri anali a pa cibale, makamaka a bele limodzi. Cala sicipita kutali. Cimagwera malume, agogo, mlongo kapena mphwako. Mliri umatenga ana atatu, ndipo cala cimatenga mbumba yonse, pakuti mudzi umagawikana, ndi anthu amene anadyera mbale imodzi salonjerananso kufikira imfa.

Mitundu yina inalawa kale cipatso cimeneci. Pakati pa 1347 ndi 1351 mliri womwewu unapha munthu mmodzi mwa atatu ali onse ku Ulaya, kapena kuposa apo. Anthu anafuna wopalamula, nanena kuti Ayuda athira mankhwala akupha m'zitsime. Papa Clement VI analemba makalata mu 1348 kukana bodza limenelo, nakumbutsa anthu kuti Ayuda nawonso anali kufa ndi mliri womwewo; koma ambiri sanamve. Mu February 1349 mzinda wa Strasbourg unatentha Ayuda mazana ambiri. Mliri sunaleke; unalowa mu mzindawo caka comweco. Kwathu kuno a mcape anayendayenda m'midzi m'zaka za 1933 ndi 1934, namwetsa anthu mankhwala, nalonjeza kuti imfa za ufiti zatha. Anapita, ndipo maliro anapitirira monga kale. Lamulo la dziko, kuyambira mu 1914, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Koma coposa lamulo ndi ici: masiku amene banja liri kwa woombeza, ndi masiku omwewo amene tizirombo tiri kuswana m'thupi la mwana.

Pali mtundu wina wa yankho lomweli umene umamveka ngakhale pakati pa anthu a mu mpingo. Ena amati, "Nyumba imeneyo iri ndi chimo lobisika, cifukwa cace yalangidwa." Kumeneku ndi kuloza cala komwe kuja, kungoti kwabvala malaya a Sabata. Owerenga athu akumbukira kuti abwenzi a Yobu analankhula motero, ndi kuti pa mapeto pace anadzudzulidwa ndi iwowo. Mwana wa zaka 8 wotupa khosi sanapalamule kanthu, ndipo amace afunika wowagwira dzanja.

Yankho laciwiri: "Palibe mlandu"

Nanga tsono tinene kuti palibe mlandu konse? Yankho limeneli limadza m'maonekedwe awiri. Nkhalamba imati, "Nthawi yace inakwana, ndani angaletse imfa?" Mnyamata wa ku sukulu amati, "Ndi tizirombo cabe, palibe wolakwa." Awiriwa amayesa kuti atsutsana, koma anena cinthu cimodzi, ndipo onse awiri atha kubwerera kunyumba osasintha kanthu.

Pano tiyenera kusiyanitsa mau awiri amene timawasokoneza: cocititsa ndi wopalamula. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje nudzala, nukokolola ulalo, mvulayo ndiyo cocititsa. Koma palibe mfumu imene inaitanapo mvula ku bwalo. Mvula ilibe maganizo, siidziwa cabwino kapena coipa. Cimodzimodzi kacirombo: kalibe cidani, kalibe nsanje, kangofuna pokhala ndi cakudya. Khoswe ndi nthata nazonso zilibe mlandu. Khosweyo ndiye woyamba kufa. Komatu munthu amene anaona ulalo utacoka, nakomana ndi apaulendo usiku, nakhala cete, ameneyo bwalo liri lonse lidzamfunsa. Iye sanagwetse mvula, sanakankhire munthu m'madzi. Koma anadziwa, anali ndi mphamvu ya kunena, ndipo sananene. Makolo athu anaidziwa bwino nzeru imeneyi. Wochera mbuna pa njira ya anthu osacenjeza, ndi wotentha thengo mphepo iri kuomba kunka ku nkhokwe za eni, anali kulipa, cinkana sanafune kupweteka munthu.

Mlandu tsono umabadwa pamene pakomana zinthu ziwiri, kudziwa ndi kukhoza. Anthu a m'cigwa ca Luangwa a mu 1917 sanauzidwe za nthata, ndipo mankhwala ociza mliri kunalibe pa dziko lonse lapansi. Panali patatsala zaka 26 kuti streptomycin apezeke. Iwo anafa opanda mlandu, ndipo oika maliro ao analibenso mlandu. Ife tiri pena. Tamva njira ya kacirombo, ndipo mankhwala alipo. Nzeru imene talandira yaticotsera katundu wina, ndiye kuopa mbale wathu. Koma yatisenzetsa katundu wina, ndiye mangawa a kucita monga mwa zimene tadziwa. Munthu sangalandire cimodzi nakana cinzace.

Mangawa athu

Mangawa oyamba ndi kunena msanga. Kucokera pa 26 March, pamene woyamba anadwala, kufikira pa 10 April, pamene mau anafika ku Unduna, panapita masiku 15, ndipo maliro atatu aja anacitika m'masiku amenewo. Sitinena izi poloza munthu cala. M'dziko la malungo ngati lathu, mai woona mwana wace atatentha thupi amaganiza za malungo, ndipo masiku ambiri amalondola. Munthu akhozanso kukhala ndi malungo ndi mliri nthawi imodzi, kotero kuti kupima kuonetsa malungo, mliri nubisala kumbuyo kwace. Koma ife amene tamva mbiriyi tiri nazo zizindikiro zitatu: makoswe kufa okha m'nyumba kapena m'nkhokwe, kutentha thupi pamodzi ndi mwanabere wowawa, ndi anthu angapo a malo amodzi kudwala mofanana. Woona zimenezi auze nyakwawa ndi a ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo pofika ku cipatala anene za makoswewo ngakhale asanafunsidwe. Safunsa anadya phula. Koma wosanena amadyetsa phula mudzi wonse.

Mangawa aciwiri ndi kudziletsa pa mkwiyo. Anthu akamva kuti mliri ucokera kwa makoswe, amafuna kutenga zibonga ndi mankhwala kuti awaphe onse tsiku limodzi. Koma a za umoyo amati, yambani kupha nthata, makoswe pambuyo. Pakuti mukapha makoswe nthata ziri zamoyo, zonse zidzasamukira kwa anthu, ndipo mliri udzakula. Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Dzanja lofulumira kukantha cimene cioneka ndi maso limaononga zambiri kuposa cimene linafuna kupha. Khoswe wakufa yekha asagwidwe ndi manja, ndipo ana asaseweretse. Akwiriridwe kapena atenthedwe, pomnyamula ndi fosholo kapena khasu.

Mangawa acitatu ali pa cakudya. Mbewa ndi ndiwo zokondedwa kwathu kuno, ndipo m'mabanja ambiri ndiyo nyama imene imapezeka popanda ndarama. Wolemba zoletsa mbewa ali wokhuta sadzamvedwa, ndipo nkoyenera kuti asamvedwe. Koma pali kusiyana pakati pa caka cabwino ndi caka ca mliri. Mbewa yopezeka yakufa, kapena yofooka yosathawa, si mwai. Ndipo pamene kwamveka mliri, atate ayenera kuletsa anyamata kukumba ndi kuchera kufikira a za umoyo atanena kuti kwayera. Coopsa ciri pa kugwira ndi kutumbula, ndi pa nthata za m'una. Momwemonso cimanga: tidziwa kuti ambiri amacisunga m'nyumba yogona poopa akuba. Taonani tsono m'mene zoipa zimagwirizanirana. Wakuba amene anathyola nkhokwe caka catha ndiye anacititsa mnansi wace kugona pamodzi ndi matumba, ndi makoswe, ndi nthata. Mudzi woleka kuba uli kudziteteza ku mliri, cinkana sudziwa.

Mangawa acinai ali pa mankhwala. Wopatsidwa mankhwala opha mabakiteriya awamwe monga momwe wauzidwa, osalekeza pa njira pomva bwino, osagawirako mnzace, osasungira tsiku lina, osagula pa msika mwa kungoganizira. Tizirombo tikamakomana ndi mankhwala kawiri kawiri mosayenera, timene tiri tolimba timatsala, nitiswana, ndipo m'tsogolo mankhwalawo sagwiranso nchito. Mu 1995 ku Madagascar kunapezeka kacirombo ka mliri wa makoswe kosamva mitundu yambiri ya mankhwala. Akatswiri anawerenga kuti m'caka ca 2019 cokha anthu oposa 1,200,000 pa dziko lapansi anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala. Mankhwala amenewa ali ngati citsime ca mudzi: anakumba ndi ena, timwa ndife, ndipo adzukulu athu adzafuna kumwa pomwepo.

Kodi kumeneku si kusintha dzina la mfiti?

Wina wanzeru adzatsutsa, nadzati, "Mwacotsa mfiti, koma mwaika wina m'malo mwace. Kale tinali kunena kuti uje analodza. Tsopano tidzanena kuti uje ndi wauve, uje anacedwa, uje anabweretsa mliri. Cala ndi comwe cija." Kutsutsa kumeneku nkoona, ndipo tiyenera kukusamalira. Nzeru ya ku sukulu ikalowa mu mtima wouma imasanduka cibonga catsopano. Odwala khate anapirikitsidwa m'midzi, odwala cifuwa cacikuru amanyozedwa, ndipo cotsatira cace ncimodzi nthawi zonse: anthu amabisa nthenda. Mudzi umene umacititsa manyazi nyumba yoyamba kudwala, nyumba yaciwiri idzatseka citseko ndi kukhala cete. Ndipo kukhala cete ndiko kumene mliri ufuna.

Kusiyana kwace kuli apa. Wofuna mfiti amayang'ana m'mbuyo, afuna woti alipe, ndipo iye mwini amadziyesa woyera. Wofuna kubweza mangawa amayang'ana m'tsogolo, afuna coti cikonzedwe, ndipo amayamba ndi nyumba yace. Winayo akatha nchito yace mudzi watsala ndi anthu ocepa; uyu akatha nchito yace mudzi watsala ndi makoswe ocepa. Ndipo mangawa sagawidwa mofanana: wokhoza zambiri ali ndi mangawa ambiri. Mkazi wamasiye wokhala m'nyumba yong'ambika zipupa sangamange nkhokwe yekha. Ngati makoswe adzala m'nyumba mwace, funso ligwera anyamata amphamvu amene amapita pa khomo pace tsiku ndi tsiku. Mwini njinga kapena ngolo ali ndi mangawa pa mwana wa mnansi wace wofuna kunka ku cipatala usiku, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nyakwawa iri ndi mangawa a kutumiza mthenga, cinkana iopa kuti mudzi wace umveka ndi mbiri yoipa. Ndipo boma nalonso liri ndi mbali yace, imene anthu a m'cigwa ayenera kuikumbutsa mwaulemu koma mosaleka, kupyolera mwa mafumu ndi owaimira: njira yopitika m'dzinja, mankhwala osatha pa cipatala ca kumudzi, ndi anchito ophunzitsidwa kuzindikira mliri. Kuuza mai kuti afulumire nkwacabe ngati pofika apeza mankhwala palibe. Mutu umodzi susenza denga.

Mudzi umene unasankha

M'dziko la England muli mudzi wochedwa Eyam. Mu 1665 mliri wa makoswe unafika kumeneko, ndipo mbiri imati unadza ndi mtolo wa nsaru wocokera ku London. Anthuwo sanadziwe za kacirombo kapena za nthata, ndipo mankhwala analibe. Anangozindikira kuti nthendayo imayenda ndi anthu ndi katundu wao. Mu 1666, potsogozedwa ndi mbusa wao William Mompesson ndi mnzace Thomas Stanley, anapangana kuti munthu asaturuke m'mudzimo, kuti angapereke imfa ku midzi yina. Anansi anali kuwasiyira cakudya pa malire. Anafa anthu ngati 260, pamodzi ndi Catherine, mkazi wa Mompesson. Ndipo pofika mwezi wa November mliriwo unatha.

Ife sitipemphedwa cinthu cacikuru cotero. Palibe wotiuza kuti tidzitsekere ndi kudikira imfa, pakuti cipatala cilipo. Tipemphedwa zocepa: kunena zoona msanga, kulola a za umoyo kuwaza mankhwala m'nyumba zathu, kusathawira kwa abale kutali tiri odwala, ndi kumvera malangizo ao pa kusambitsa ndi kuika mtembo wa womwalira ndi mliri, cinkana mwambo wathu ufuna zina. Koma mtima wofunika ndi womwe uja wa anthu a ku Eyam, wakuti munthu ayese moyo wa mudzi wa patsidya ngati kanthu kace. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cimene citsala

Tikanena zonsezi, pali kanthu kamene katsala. Ana awiri anagona pa mphasa imodzi. Wina anadwala, wina sanadwale. Awiri analandira mankhwala tsiku limodzi. Wina anacira, wina anapita. Dotolo adzanena za mphamvu ya thupi ndi za kucuruka kwa tizirombo, ndipo adzanena zoona. Koma mai wofedwayo sanali kufunsa zimenezo. Funso lace ndi kulira, ndipo kulira sikuyankhidwa ndi maphunziro. Pamenepa ndi pamene woombeza amapezerapo malonda, pakuti iye ali nalo dzina lokonzeka la kuika m'malo opanda kanthuwo. Ife tiyenera kulimba mtima ndi kuwasiya malowo opanda dzina la munthu. Nkwabwino kukhala ndi funso losayankhidwa kusiyana ndi kukhala ndi yankho lonama limene lidzapha mlongo wako. Cimene tingapatse wofedwa ndi kukhala naye, kumtungira madzi, kumlimira munda, ndi kusamsiya yekha anthu a pa maliro atabalalika.

Cifukwa cace, inu akuru a midzi, inu ankhoswe, inu amai amene mumagona pa siwa, pamene wina adzanong'ona funso lija lakuti camudya nciani, musamdzudzule, koma mumthandize kulifunsa bwino. Anayamba liti kudwala? Anafika liti ku cipatala, ndipo cinamcedwetsa nciani? Kodi m'nyumbamo mwafa makoswe? Alipo wina wotentha thupi? Ndani adzapita kukanena m'mawa muno? Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo yankho liri lonse likhoza kupulumutsa mwana amene lero ali kusewera pa bwalo.